Umboni Wosakwanira

Kuyambira chakumapeto kwa 1968 kufikira mu Malichi 1970, anthu oposa 30 adaphedwa usiku m'nyumba zawo mumzinda wa Blantyre. Ambiri adali anthu wamba okhala m'nyumba za zitseko zosalimba, ku Chilobwe ndi madera ena oyandikana nako, ndipo matupi ena ankapezeka atadulidwa ziwalo. Kukacha, anthu ankangomva kuti kwa auje kwagwanso zovuta. Apolisi ankabwera, n'kuunguza, n'kulemba, n'kupita. Pakatha masiku angapo, maliro ena.

Mayi anga aakulu panthawiyo n'kuti atangokwatiwa kumene, akukhala chakumunsi kwa phiri la Soche. Ankatiuza kuti dzuwa likapendeka, mtima unkayamba kugunda. Abambo ankagona nkhwangwa ili kumutu, chitseko atachitchinjiriza ndi mtondo, ndipo galu akangouwa kamodzi dera lonse linkadzuka. Tikawafunsa kuti ankapha anthuwo ndani, sankazengereza. Ankati ndi boma. Boma lidakongola ndalama kwa azungu a ku Joni zomangira likulu ku Lilongwe, ndiye linkabweza ngongoleyo ndi magazi a anthu. Tikati, "Nanga inu amayi mudadziwa bwanji?" ankangoti, "Aaa, inu ana inu. Aliyense ankadziwa."

Sindidawasekepo mayi aja, ndipo sindingawaseke lero. Tiyeni tione zomwe adali nazo m'manja. Ngongoleyo idalipodi: boma la tsankho la South Africa ndilo lidathandiza ndi ndalama zoyambira kumanga Lilongwe, panthawi yomwe maiko ambiri a mu Africa ankalisala. Amuna a m'dziko muno ankatengedwadi ndi Wenela kukagwira ntchito m'migodi, ena osabwerera. Mitembo yodulidwa ziwalo anthu ankaiona ndi maso. Wailesi idali imodzi, ya boma, ndipo munthu wofunsa funso lolakwika ankasowa. Zonsezi zidali zoona. Chomwe padalibe ndi chingwe chomangiriza zoonazi pamodzi, ndipo chingwecho mantha ndiwo adachipota. Mphekesera zambiri zomwe zaphetsa anthu m'dziko muno zidabadwa chomwechi. Sizichokera m'mutu mwa wamisala. Zimachokera kwa anthu anzeru zawo omwe ali ndi mfundo zinayi zoona ndi usiku wautali woti aziganizire.

Mu 1969 apolisi adagwira amuna asanu n'kuwatengera ku High Court pa mlandu wokhudza kuphedwa kwa anthuku. Jaji atamva zonse adapeza kuti umboni ndi wosakwanira, ndipo adawamasula. Mzinda udapsa mtima. Kodi anthu azifa ngati nkhuku za chitopa, ogwidwa n'kumatuluka chifukwa cha malamulo a m'mabuku a azungu? Pulezidenti Kamuzu Banda, amene mphekesera zija zinkamudetsa yekha, adaima ndi okwiyawo. Mfundo yake idali yoti kusowa kwa umboni sikusonyeza kuti munthu ndi wosalakwa. Aphungu a Nyumba ya Malamulo adadzudzula maloya ndi malamulo a umboni, ndipo chaka chomwecho lamulo lidasinthidwa kuti makhoti otchedwa Traditional Courts azizenga milandu yakupha. Majaji anayi a ku Britain omwe adali ku High Court adatula pansi udindo.

Mfundo ya Kamuzu ija ndaitembenuza kambirimbiri, ndipo chondivuta n'chakuti ndi yoona. Munthu akhoza kupha, umboni osapezeka. Jaji amene adamasula amuna asanu aja sadanene kuti ndi oyera mtima. Adanena kuti zomwe mwandibweretsera sizikukwana kuti ndipachike nazo munthu. Pakati pa "wolakwa" ndi "wosalakwa" pali malo achitatu, pomwe munthu amangoti, "Sitikudziwa." Malo amenewa ndi ozizira. Munthu amene wagona masabata ambiri nkhwangwa ili kumutu sangakhalepo nthawi yaitali. Akufuna dzina, nkhope, munthu woti akamangidwa iye agone tulo. Yemwe angamupatse dzinalo, kaya ndi loona kaya ayi, ndiye bwenzi lake tsiku limenelo, ndipo wonena kuti tidikire amaoneka ngati ali kumbali ya akupha.

Mu Malichi 1970 apolisi adagwira munthu wina, Walla Laini Kawisa, amene adavomera kuti adapha ena mwa anthuwo, ngakhale kuti mawu ake ankasinthasintha. Adagamulidwa kuti anyongedwe. Nduna ina yamphamvu, Gomile Kumtumanji, yemwe adalinso wapampando wa Malawi Congress Party m'chigawo cha kummwera, adachotsedwa pa udindo pa nkhani yomweyi, n'kumangidwa, ndipo adakafera kundende. Kuphana kudatha. Koma makhoti aja sadathe nawo. Adakhalapo zaka zoposa 20.

Mmene ankagwirira ntchito ndi apa. Oweruza ankasankhidwa ndi Pulezidenti, ambiri mwa iwo mafumu. Woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Malamulo okhwima a umboni, omwe amaletsa kupachika munthu ndi zongomva, adafewetsedwa. Khoti lomwe lidabadwa kuti zigawenga za ku Chilobwe zisapulumuke lidayamba kulandira milandu ya ndale. Mu 1977 lidagamula Albert Muwalo, amene adali mlembi wamkulu wa chipani, ndipo adanyongedwa. Mu 1983 lidagamula Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera kuti aphedwe: Orton, mtsogoleri woyamba wa chipanicho ndiponso nduna yoyamba ya zachilungamo, ndi Vera, mayi woyamba m'dziko muno kukhala loya. Maloya awiri, m'khoti lomwe mboni zawo sizidaloledwe kubwera. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton adamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, Vera adatuluka mu Januwale 1993. Anthu omwe mu 1969 ankakuwa kuti malamulo a umboni akuchedwetsa chilungamo sankafuna zimenezi. Ankangofuna kugona.

Dzina loti makhoti a makolo limandinyansa pang'ono, chifukwa bwalo la mfumu lomwe ine ndidakulira ndikuliona silidali lopupuluma chotero. Lidali lochedwa mpaka kutopetsa. Wodandaula ankaima n'kufotokoza mpaka mawu amuthere, popanda womudula pakamwa. Nduna ya mfumu inkabwereza zomwe wanena, n'kumufunsa ngati yamva bwino. Kenaka woyankha mlandu, nayenso mpaka amalize. Mboni ikaimirira, funso loyamba lidali lomwelomwelo: "Kodi bambo, mudaona ndi maso anu, kapena mudachita kumva?" Wongomva ankauzidwa mwaulemu kuti akhale pansi, wina kumbuyo n'kung'ung'udza kuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Mfumu inkayankhula pomalizira, ndipo kawirikawiri zomwe inkanena ndi zoti nkhaniyi tiigonere, tidzakumane Loweruka. Ana tinkaona ngati ndi ulesi wa akuluakulu. Pofika Lowerukalo, mbuzi yomwe ankati yabedwa mwina idali itapezeka kudambo, kapena mkwiyo utazizira moti anthu ankatha kumvana.

Koma ndisakometse kwambiri za kwathu. Mudzi womwewo wodziwa kugonera nkhani ya mbuzi sunkadziwa kugonera imfa ya mwana. Pa imfa yodzidzimutsa makolo adali ndi njira ina, mwabvi: woganiziridwa amwe, akasanza ndi wosalakwa, akafa ndiye mfitiyo. Yankho tsiku lomwelo. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 lidaletsa mwabvi, lidaletsanso kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, ndipo likadalipo. Njala ya yankho la tsiku lomwelo ndiyo lamulo silidathe kuletsa. Mu Januwale 2016, ku Neno, mphenzi idapha mtsikana wa zaka 17. Tsiku lisanathe anthu anayi okalamba, abale ake omwe, adali ataphedwa. Mphenzi ndi yovuta kuivomereza chifukwa ilibe nkhope, siingafunsidwe, siingapepese. Agogo ali ndi nkhope, ndipo sathawa.

Nkhani ya magazi ija nayo sidafere ku Chilobwe. Idadzukanso kumapeto kwa 2002, chaka cha njala, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa anthu asanadziwe kuti kukubwera kusowa kwa chakudya. Ulendo uno ankati boma likusinthanitsa magazi ndi chimanga cha thandizo. Ansembe achikatolika adamenyedwa ku Thyolo, ndipo mu Januwale 2003 Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cholamula mumzinda wa Blantyre, adagendedwa mpaka kugonekedwa m'chipatala. Mu Seputembala 2017 idabukanso ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Ankati kwabwera anamapopa. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena, Pulezidenti Peter Mutharika adayendera maderawo kukamva madandaulo, madokotala adalengeza kuti sadapeze munthu ndi mmodzi yemwe wopopedwa magazi. Pofika kumapeto kwa Okutobala anthu pafupifupi 9 adali ataphedwa ndi anzawo. Mmodzi mwa ophedwa ku Blantyre adali mnyamata wa zaka 22 wodwala khunyu.

Mwezi womwewo ndidakwera minibasi kupita kumaliro chakumwera kwa Mulanje. Titasiya tala, tidapeza mitengo itapingasa msewu, anyamata ataima ndi zibonga ndi zikwanje. Sadali zigawenga. Adali ana a m'midzi momwemo, maso ofiira ndi tulo, omwe adachezera usiku kulondera amayi awo. Adatitsitsa tonse n'kuyamba kusecha zikwama. M'chikwama cha mayi wina wachikulire adapezamo majakisoni, timabotolo ta mankhwala, ndi kamakina kobayira chala poyeza shuga.

"Amayi, izi n'chiyani?"

"Ndimadwala shuga, mwanangu. Ndimadzibaya ndekha m'mawa ndi madzulo."

Adatulutsa kabuku kawo ka kuchipatala, kakale, kodzaza ndi zolemba za madokotala ndi zidindo. Ine ndidapumira m'mwamba, poganiza kuti nkhani yatha. Mnyamata amene adakalandira adakatsegula, n'kukayang'ana, n'kuuza anzake kuti, "Mwaona? Amawapatsa ndi mabuku omwe." Mayi aja manja adayamba kunjenjemera, wina n'kunena kuti wosalakwa sanjenjemera. Kondakitala adati amawadziwa, amakwera minibasi yomweyi mwezi ndi mwezi popita kukatenga mankhwala, ndipo adamuyankha kuti ndiye kuti nayenso amadya nawo.

Pamenepo ndidaona ndi maso chinthu chomwe ndinkangochidziwa m'mutu. Chigamulo chikafika umboni usanabwere, umboniwo ukamabwera umapeza mpando wake utakonzedwa kale. Kabuku n'chizindikiro cha kulakwa, kusowa kabuku n'chizindikironso. Kulira ndi kuvomera, kusalira ndi kuuma mtima kwa wozolowera. Palibe chomwe mayi aja akadatulutsa m'chikwama, kapena kunena, chomwe chikadawerengedwa kumbali yawo. Nawu muyeso womwe ndimayesera maganizo anga tsopano ndikatsimikiza za munthu: kodi n'chiyani chomwe nditachiona ndingasinthe? Ndikasowa yankho, ndimadziwa kuti sindikufufuzanso, ndikungotolera nkhuni.

Chidawapulumutsa si umboni. Mnyamata wina, yemwe adaima kumbuyo, adasuzumira n'kunena motsitsa mawu kuti agogo ake ali ndi kamakina komweko, amabaya chala n'kudontheza magazi pa kapepala. Anzake adamukhulupirira chifukwa adali wawo. Adabweza katundu, adachotsa mitengo, tidapita. Mnyamata uja akadapita kukamwa madzi mphindi imeneyo, sindikudziwa kuti ndikadalemba zotani lero.

Tsono pali mbali ina yomwe olalikira za kudekha sakonda kuikhudza. Mawu oti tidikire zotsatira za kafukufuku atha ntchito m'makutu mwa Amalawi, chifukwa nthawi zambiri owanena ndi omwe akudikira kuti tiiwale. Makomiti ofufuza amakhazikitsidwa, malipoti amaperekedwa pamaso pa atolankhani, kenaka zii. Ku ndende za Chichiri ndi Maula kuli anthu omwe akhala zaka pa rimandi mlandu wawo usanamveke, pomwe wakuba amene mudamugwira ndi mbuzi yanu m'manja mukumupeza pamsika mawa lake, watuluka pa belo. Munthu akati, "Tikam'pereka kupolisi atuluka, tithane naye konkuno," akulakwa, koma sakunama pa zomwe waona. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma mwambiwu umaganiza kuti nkhonoyo idzatulutsadi mutu. Kudekha kopanda wofufuza ndi kungogonja.

Ndiponso mphekesera sizinama nthawi zonse. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa David Chiwanga, adasowa. Boma lidalengeza kuti afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza pomwe ankathawa m'dziko. Anthu adanong'onezana m'makhitchini kuti si ngozi imeneyo, aphedwa. Adalibe umboni. Adalibe chithunzi, adalibe mboni, ngakhale maliro enieniwo sadaloledwe kulira momasuka. Koma onong'onawo ndiwo ankanena zoona, wailesi ndiyo inkanama. Munthu amene mu 1983 akadati, "Ine sindiweruza, ndikhulupirira zomwe alengeza mpaka umboni utapezeka," sakadakhala wosamala. Akadakhala wogona.

Choncho sindikhulupirira kuti kusamala ndiko kukhala wopanda maganizo. Kukayikira ndi ufulu, ndipo m'dziko lomwe akuluakulu adatinamizapo ndi nzeru. Ndikhoza kukayikira boma, mnansi wanga, mlendo wa chikwama chachilendo. Funso ndi loti kukayikirako ndikupita nako kuti. Anyamata a pamsewu paja adapita nako ku chibonga, pomwe cholakwa sichibwezeka. Okayikira za ku Mwanza adakusunga zaka 11, osakutaya, osakusandutsa mwala, mpaka tsiku lomwe kudasanduka mafunso ofunsidwa poyera. Mu 1994 boma latsopano la Bakili Muluzi lidakhazikitsa komiti yofufuza yotsogoleredwa ndi Jaji Mtegha. Mboni zidabwera, apolisi ena omwe adalipo usiku umenewo adafotokoza okha. Zidadziwika kuti anayiwo adatengedwa ndi apolisi kupita nawo ku msewu wa ku Thambani, adakhomedwa mpaka kufa, n'kuikidwa m'galimoto yomwe idakankhidwira kuphedi kuti zioneke ngati ngozi. Zomwe anthu ankanong'ona zidasanduka zodziwika, zokhala ndi tsiku, malo ndi maina. Kusiyana kwa ziwirizi si kwakung'ono. Chonong'onedwa munthu akhoza kuchikana. Ichi palibe adachikananso.

Chotsatira chake ndicho chimandisowetsa mtendere. Mu Januwale 1995 Kamuzu adaikidwa pa ukaidi wosachoka panyumba, mthandizi wake John Tembo adamangidwa, ndipo adaimbidwa mlandu wokonza chiwembu chopha anayiwo. Makhoti a Traditional aja n'kuti ataimitsidwa kale mu 1993, ndipo malamulo atsopano a dziko, pa gawo 42, adali atanena kuti woimbidwa mlandu aziyesedwa wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa. Mlandu udapita ku High Court. Kamuzu adali ndi maloya, wowatsogolera Clive Stanbrook wochokera ku Britain. Mboni za boma zidapanikizidwa ndi mafunso, zongomva zidasefedwa. Kuti anthu adaphedwa ndi apolisi, padalibe wotsutsa. Chomwe chinkafunika ndi chingwe chochoka pa apolisiwo kukafika pa amene ankaimbidwa mlandu wolamula, ndipo oweruza adapeza kuti chingwecho sichidafike. Mu Disembala 1995 onse adamasulidwa. Boma lidachita apilo, koma Supreme Court idakana mu 1997, miyezi yochepa Kamuzu asanamwalire ku Johannesburg.

Munthu amene mu 1969 adauza dziko kuti kusowa kwa umboni si kusalakwa adapulumukira pa kusowa kwa umboni. Chitetezo chomwe adalanda Muwalo ndi a Chirwa chidamufunditsa iyeyo. Anthu ambiri adakwiya, ndipo mkwiyo wawo udali wofanana ndendende ndi wa anthu a ku Chilobwe: aliyense akudziwa, nanga khoti likufunanso chiyani? Mabanja anayi adatsala ndi chipilala ku Thambani, lipoti lofotokoza mmene abambo awo adafera, popanda wolamula aliyense wopezeka wolakwa. Amene amati kusamala poweruza kulibe mtengo akafunse mabanja amenewo. Mtengo ulipo, ndipo kawirikawiri amaulipira ndi omwe adalira kale.

Ndikadakhala ndi mphamvu mu 1995, kodi ndikadatsegulanso khoti lija kwa sabata imodzi yokha, la mafumu osankhidwa ndi Pulezidenti, lopanda loya, lolandira zongomva, kuti mlandu umodzi wokhawu uthe mmene mtima wa anthu unkafunira? Mayesero ake ndimawamva, chifukwa ndili nawo maganizo anga pa za ku Mwanza ndipo sindiwabisa. Koma mu 1969 nawonso ankati ndi mlandu umodzi wokha. Chigamulo cha Disembala uja sichidandikondweretse ndipo sichidzandikondweretsa. Kungoti pa makhoti awiriwa, lomwe lidagamula a Chirwa ndi lomwe lidamasula Kamuzu, ndikudziwa lomwe ndingapemphe kuti anditengereko ngati tsiku lina m'chikwama changa mutapezeka chinthu chomwe anthu a pamsewu sakuchidziwa.